Kodi amoxicillin amene ndikumwayu akumufika mwana m'mimbamu?

Mayi wina wandilembera imelo. Ali ndi pakati pa miyezi 5, kusikelo awapeza ndi matenda a m'chikhodzodzo ndipo awapatsa makapisozi a amoxicillin. Apongozi awo akuti awataye, apweteka mwana. Ndiye akufunsa ngati mankhwalawa amafikadi kwa mwanayo.

Achemwali, amafika ndithu. Koma chonde musawataye.

Magazi anu ndi a mwana sasakanikirana. Amayandikana mu nsengwa, ndipo chowalekanitsa ndi kakhungu kopyapyala kwambiri. Chakudya ndi mpweya zimadutsira pamenepo, mankhwala ambiri nawonso amalowera pomwepo, kuchoka kumene achuluka kupita kumene achepa. Mankhwala a timagawo ting'onoting'ono, amene samatirira kwambiri ku mapuloteni a m'magazi, amadutsa mosavuta. Heparin, mankhwala oletsa magazi kuundana, ngwa timagawo tikulutikulu, ndiye amatsalira kwa mayi. Amoxicillin ndi abale ake a gulu la penisilini amawoloka bwinobwino, ndipo amayi apakati akhala akuwalandira kwa zaka makumimakumi popanda umboni woti amalumaza ana.

Chimene ndimalakalaka anthu atamvetsa n'chakuti nthawi zina kuwolokako ndi kumene kumapulumutsa. Taonani chindoko. Tizilombo take timadutsa nsengwa, mwana n'kufera m'mimba kapena kubadwa akudwala. Jekeseni wa benzathine penicillin amatilondola mpaka komweko, n'kuchiza mayi ndi mwana pamodzi. Erythromycin, mankhwala ena ochizira chindoko, sawoloka mokwanira: mayi achira, mwana atsala nacho. N'chifukwa chake malangizo a 2016 a WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, amati mwana wa mayi amene anamwa erythromycin alandire yekha chithandizo akangobadwa.

Nkhawa ya apongozi si yopanda pake ayi. Mankhwala a tetracycline amakamamatira ku kashiamu wa m'mafupa ndi m'mano amene akupangika, makamaka mimba ikapitirira miyezi 4, mano a mwana n'kudzamera achikasu kapena otuwa. Doxycycline ngwa gulu lomwelo, ndipo zimandiwawa kumva kuti ena amangomugula popanda kuonana ndi adokotala. Streptomycin angathe kugonthetsa mwana asanabadwe.

Amoxicillin wanuyo sali m'gulu limeneli. Chimene chikundiopsa ine ndi matenda mwawatchulawo. Mukasiyira mankhwala panjira, tizilombo tingakwere kukafika ku impso, thupi n'kutentha, matenda a uchembere n'kuyamba masiku asanakwane. Malizani onse monga anakuuzirani. Mukatuluka zidzolo, milomo ikatupa kapena mukayamba kubanika, siyani n'kuthamangira kuchipatala. Tsiku la sikelo likafika muwapemphe apongoziwo akuperekezeni, akadzimvere okha kwa anamwino.