Khofi wa Mzuzu sasungunuka, ndipo mashini musavutike nawo

Achemwali mwati munapatsidwa paketi ya khofi wa Mzuzu, mwathira m'kapu ngati mmene timachitira ndi Ricoffy koma sakusungunuka, akungoyandama komanso akuwawa, ndiye mukufunsa ngati ndi woonongeka, kapena mpaka mugule mashini aja a m'mahotela, nanga anzathu kunjaku amamwa bwanji. Ndaona ena akuuzani kale kuti gulani mashini, ine ndikuti ndalama yanuyo isungeni kaye.

Khofi wanuyo alibe vuto. Uja wa m'chitini ngati Nescafé anaphikidwa kale kufakitale kenako n'kumuumitsa, n'chifukwa chake amasungunuka, ndipo ndi wadzanadzanali, Nescafé anayamba kugulitsidwa mu 1938. Ricoffy ndiye amasakanizanso ndi mizu yokazinga ya chomera chotchedwa chicory. Amene muli nayeyo ndi njere zenizeni zokazinga n'kugaya basi, madzi amangotengamo kakomedwe n'kusiya zotsalira, chimodzimodzi masamba a Chombe, kodi aja munawaonapo atasungunuka?

Tiyambe ndi eni ake a Ethiopia, poti mtundu wa khofi wotchedwa arabica kwawo n'komweko. Iwo amati buna, ndipo zipangizo zawo inunso muli nazo pakhomo. Mayi amatsuka njere zaziwisi, amakazinga pa chiwaya pa mbaula alendo akuona, zikada n'kuyamba kutuluka mafuta amazunguliza chiwayacho kuti aliyense anunkhize utsi wake, kenako amasinja mu kamtondo n'kuthira mu kamtsuko kadothi ka khosi lalitali kotchedwa jebena. Akawira amauphula n'kuupendeketsa kanthawi kuti zotsalira zikhale pansi, ndiye amathira m'timakapu topanda chogwirira, pambali lubani akufuka, m'mbale muli mbuliwuli. Amamwa maulendo atatu kuchokera ku ufa womwewo akungoonjezera madzi, woyamba abol, wachiwiri tona, wachitatu baraka kutanthauza dalitso, ndipo kunyamuka musanafike wachitatuyo si ulemu. Zimadya ola lathunthu kapena kuposa, munthu wothamangira minibasi ya ku Limbe asayerekeze. Kumidzi ena amathira mchere kapena batala m'malo mwa shuga, apo pokha ndiye ine ayi ndithu.

Ku Turkey amagaya mpaka akhale wosalala ngati fulawa, amathira mu kapoto kakang'ono ka chogwirira chachitali kotchedwa cezve pamodzi ndi madzi ozizira ndi shuga, moto wake wochepa, thovu likangokwera amaphula, osasefa. Mumamwa pang'onopang'ono n'kusiya matope ake pansi, ena mpaka amavundikira kapu pa sosa n'kumaombeza za kutsogolo ndi zotsalirazo. Chomwe chimandiseketsa n'choti akuchimuna akabwera kudzafunsira mbeta, mtsikana amapangira onse khofi koma wa mnyamatayo amathiramo mchere, akamwa osakwinya nkhope akuti ndi mwamuna wopirira. Azibambo a mu gulu muno ambiri akanagwa pomwepo.

Aluya a ku Saudi Arabia sakazinga kwambiri, khofi wawo amaoneka wachikasu, amathiramo zonunkhiritsa zotchedwa cardamom, shuga sathira koma amamwera zipatso za madeti. Mumalandira ndi dzanja lamanja, ndipo mukakwana mumagwedeza kakapuko, apo ayi azingokuthirirani. Pafupi pompa ku Dar es Salaam ndi Zanzibar, amene mumakaoda katundu kumeneko mukuwadziwa anyamata oyenda ndi ketulo yokhala ndi makala kunsi kwake, akugulitsa khofi wakuda wowawa pamodzi ndi kashata, switi ya mtedza, mumaluma kashata kenako n'kupsontha khofi, shuga wake ndi ameneyo.

Mashini amene akukuuzaniwo ndi nkhani ya ku Italy. Espresso ndi madzi otentha okankhidwa mwamphamvu kudutsa mu ufa wa khofi, masekondi 25 mpaka 30, n'kutuluka kakhofi ka mamililita ngati 30 basi, munthu amamwa choimirira pa kauntala n'kumapita kuntchito. Cappuccino wa mkaka uja kwa iwo ndi wa m'mawa, mukaitanitsa mutatha nkhomaliro amadziwiratu kuti ndinu mlendo. Koma ngakhale iwowo kunyumba ambiri amagwiritsa kaketulo ka moka kamene Alfonso Bialetti anatulutsa mu 1933, kongoika pamoto. Ndipo ndi mmene magetsi amathimira kunoku, mashini a pulagi angokhala chokongoletsa pa kabati.

Kwa ife okonda shuga masupuni anayi musachite manyazi. Vietnam ndi yachiwiri pa kulima khofi pambuyo pa Brazil, amalima kwambiri robusta yemwe ndi wowawa zedi, ndiye amamudonthezera pa kondensi ndi kasefa kachitsulo kotchedwa phin, ena kuikamo ayisi, ku Hanoi mpaka amamenyeramo yolk ya dzira. Ku Senegal café Touba amathiramo zokometsera zoyabwa ngati tsabola ndi shuga wambirimbiri.

Chimene ambiri sadziwa n'choti khofi si mlendo kuno ku Zomba. Mbande yoyamba inafika ku Blantyre Mission mu 1878 kuchokera ku Edinburgh ku Scotland, ndipo m'ma 1880 mzungu wina wa ku Scotland, John Buchanan, ndi abale ake anali atatsegula kale munda wa khofi m'mbali mwa Mulunguzi. Anali mbewu yaikulu yotumiza kunja moti chizindikiro cha boma la atsamunda nthawi ya Harry Johnston chinali ndi mtengo wa khofi. Itangodutsa 1900 mitengo inagwa chifukwa Brazil inadzaza msika, kuonjezerapo tizilombo ndi chilala, azungu aja n'kutembenukira ku fodya, thonje ndi tiyi, ife n'kukula tikudziwa tiyi yekha. Lero wambiri wa alimi ang'onoang'ono akuchokera ku Misuku, Phoka, Viphya ndi mapiri a Nkhata Bay, wina ku maesiteti a ku Thyolo, ndipo wochuluka amapita kunja pomwe ife tikugula wa m'chitini wochokera ku Joni, zimandinyansa ndithu.

Ndiye pangani chonchi. Wiritsani madzi, phulani, dikirani ngati miniti imodzi. Thirani masupuni awiri aakulu pa kapu iliyonse mu ketulo kapena kapoto, thirani madziwo, takasani, vundikirani maminiti anayi, kenako sefani ndi sefa ya tiyi, ngati ufa ukudutsa yalanimo kansalu koyera. Musamubwatitse pamoto nthawi yaitali, kuwawa kwambiri kuja kumachokera pamenepo. Akakulemerani chepetsani ufa kapena onjezani mkaka, ndi kuzizira kwa June kuno kajinja pang'ono kamakhala bho, chigumu kapena mbatata pambali. Paketi mukatsegula muziimanga bwino n'kuika mu botolo lotseka, kutali ndi usipa ndi sopo chifukwa amakoka fungo, ndipo ngati tulo timakuvutani musamwe dzuwa litapendeka, ameneyu ndi wamphamvu kuposa Ricoffy amene munazolowera.