Kodi mwana wanga ayesere Bronx Science, sukulu imene ana akuda ndi owerengeka?

Funso: Ndine mayi wochokera ku Dedza koma ndikukhala ku Bronx, mumzinda wa New York, komwe ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Mwana wanga wamkazi ali mu giredi 7 ndipo masamu amawakhoza kwambiri. Aphunzitsi ake akuti ayesere mwayi ku Bronx High School of Science. Anzanga kutchalitchi akuti ndisamuvutitse, chifukwa sukuluyo yadzaza ana a anthu a ku Asia ndipo akuda satengedwa. Ndichite bwanji?

Yankho: Mayi, zimene anzanuwo akunena zili ndi choona chake, koma mapeto amene afikapo ndi olakwika. Mwanayo ayesere.

Bronx Science ndi sukulu ya boma, yaulere, ndipo inatsegulidwa mu 1938. Ili ndi ana pafupifupi 3,000. Mbiri yake si yamasewera: anthu asanu ndi anayi amene anaphunzira pamenepo analandirapo mphotho ya Nobel, asanu ndi awiri mwa iwo pa fizikisi. Steven Weinberg ndi Sheldon Glashow anamaliza limodzi mu 1950, ndipo mu 1979 anagawana mphothoyo. Claudia Goldin, mayi amene analandira Nobel ya zachuma mu 2023, nayenso anadutsa pomwepo, choncho musaganize kuti ndi malo a anyamata okha. Pafupifupi mwana aliyense amene walowa amamaliza n'kupita ku yunivesite.

Koma pamene mukumva za kukhoza kotereku, dzifunseni kuti kukuchokera kuti. Mukukumbukira mmene zinkakhalira kwathu zotsatira za Sitandade 8 zikatuluka: okhoza kwambiri m'dziko lonse amasankhidwira ku masukulu a national, ena ku sekondale za m'boma, otsala ku CDSS. MSCE ikadzatuluka anthu n'kumadabwa kuti sukulu ya national yakhozetsa ana onse, kuiwala kuti inalandira kale ana osefedwa. Ku Bronx Science n'chimodzimodzi. Aphunzitsi ndi abwino, malabotale alipo, ana amachita kafukufuku weniweni akadali ku sekondale, koma gawo lalikulu la zotsatira zokongolazo linapangidwa pachipata. Ndikunena izi kuti musaganize kuti mwana akapanda kulowa pamenepo ndiye kuti tsogolo lake la sayansi latha.

Chipatacho ndi mayeso amodzi okha otchedwa SHSAT. Ana amalemba ali mu giredi 8, cha mu Okutobala kapena Novembala, ndipo zotsatira zimatuluka cha mu Malichi. Mayesowo ndi a Chingelezi ndi masamu, a maola atatu. Masukulu asanu ndi atatu a mumzindawu amasankha ana pogwiritsa ntchito mayeso amenewa, kuphatikizapo Stuyvesant ndi Brooklyn Tech. Sayang'ana malipoti a kusukulu, safuna kalata ya mphunzitsi, sacheza ndi mwana, sayang'ana khungu kapena dzina. Lamulo la boma la New York la mu 1971, lotchedwa Hecht-Calandra, ndi limene linakhazikitsa kuti kusankhira ana ku masukulu akale atatuwa, Bronx Science, Stuyvesant ndi Brooklyn Tech, kudalire mayeso basi. Chaka chilichonse ana opitirira 25,000 amalemba, ndipo opeza malo safika ndi mmodzi mwa asanu.

Tsopano za anzanu aja. Ndi zoona kuti ana akuda ndi ochepa momvetsa chisoni. M'masukulu a boma a New York, ana akuda ndi a Chilatino (a mabanja ochokera ku Latin America) ndi pafupifupi awiri mwa atatu alionse, koma pa malo a m'masukulu asanu ndi atatu aja amapezapo pafupifupi limodzi mwa khumi. Mu 2019, mwa ana 895 amene anapatsidwa malo ku Stuyvesant, akuda anali 7 okha. Ku Bronx Science, ana oposa theka ndi a mabanja ochokera ku Asia, ndipo ambiri sakhala ku Bronx n'komwe. Amachokera ku Queens ndi madera ena, kukwera sitima kapena basi m'mamawa.

Chimene anzanuwo sanakuuzeni n'chakuti ambiri mwa ana a ku Asia amenewo si a anthu olemera. Makolo awo anabwera ngati inu nomwe, kuchokera ku China, Korea kapena Bangladesh, ena amayendetsa matakisi, ena amagwira ntchito m'malesitilanti. Kusiyana kwake n'kwakuti m'madera mwawo nkhani ya SHSAT imadziwika mwana akadali wamng'ono, ndipo makolo amadzimana kuti alipire maphunziro apadera a Loweruka kwa chaka kapena ziwiri. M'madera ambiri a anthu akuda, mwana amamva za mayesowa kutatsala miyezi iwiri, ndipo sukulu yake siinamuphunzitse masamu ofika pamlingo umene mayesowo amafuna. Ndiye amakalemba ndi mwana amene wakhala akuyeserera mafunso omwewo kwa zaka ziwiri. Mu 2018 meya Bill de Blasio anafuna kuthetsa mayesowa kuti azitenga ana okhoza kwambiri pa sukulu iliyonse, koma makolo ambiri a ku Asia anakana mwamphamvu ndipo aphungu ku Albany, likulu la boma la New York, sanasinthe lamulo. Amene munatsatira mkangano wa kota pa kasankhidwe ka ana a ku yunivesite kwathu mudziwa mmene nkhani zotere zimatenthetsera mitima. Mkanganowo si wanu panopa. Mwana wanu adzalemba mayeso amene alipo.

Mwayi wanu ndi wakuti mwafunsa ali mu giredi 7. Pitani kwa mlangizi wa pasukulu yake sabata ino mukafunse za DREAM, maphunziro aulere okonzekeretsa ana SHSAT amene dipatimenti ya maphunziro mumzindawu imapereka kwa ana a mabanja opeza movutikira. Funsaninso za Discovery, njira imene mwana wa m'banja losauka amene waperewera malikisi pang'ono amatha kulowera ataphunzira m'nyengo ya tchuthi chachikulu. Zoyenereza zake zimasintha, ndiye mlangiziyo akuuzeni za chaka chino. Mafunso oyeserera amapezeka kwaulere kuchokera ku dipatimenti yomweyo. Mwanayo aziwalemba atatchera wotchi, chifukwa ambiri sagwa posadziwa yankho koma potha nthawi. Ndipo poti masamu amawakhoza kale, musalole kuti azithawira komweko. Theka la mayesowo ndi Chingelezi, makamaka kuwerenga ndime zazitali n'kuzimvetsa. Khadi la laibulale ndi laulere.

Pali china chimene simunafunse koma ndikudziwa chili mumtima mwanu. Akalowa, n'kutheka kuti m'makalasi ena adzakhala yekha wakuda. Adzapezanso kuti iye amene wakhala nambala wani kuyambira kalekale tsopano ali pakati, ndipo homuweki ndi yochuluka moti ana ena amagona usiku kwambiri. Ena zimawalimbitsa, ena zimawafooketsa, ndipo inu ndi amene mukumudziwa mwana wanu. Mukhale naye pansi mumuuze zimenezi mosabisa, osati momuopseza. Sukuluyi ikaitana makolo kudzaona malo, mupite naye akadzionere yekha ndi kufunsa ana amene ali pomwepo.

Polembetsa, adzauzidwa kuti asanje masukulu motsatira mmene akuwafunira, ndipo adzapatsidwa yoyamba pamndandanda wake imene malikisi ake afikira. Asalembe Bronx Science yokha. Pafupi pomwepo, pa Lehman College, pali High School of American Studies, ndipo ku City College ku Harlem kuli sukulu ya masamu, sayansi ndi uinjiniya. Zonsezi zimatenga ana ndi mayeso omwewo. Alembetsenso padera ku masekondale ena a mumzindawu, chifukwa kuteroko sikumuchotsera mwayi wa SHSAT.