BP ili bwinobwino koma mtima ukukana

Imelo yafika Lachiwiri kuchokera kwa mtsikana wina amene ali pa praktiko ya unamwino, akuti nthawi zina amaona wodwala kuti sali bwino koma BP ndi tempelecha zili bwinobwino, ndiye amaopa kukadzutsa a kiliniko (dokotala wamng'ono) kuti angamunene kuti ndi wodziwadziwa. Achemwali, mwandikumbutsa kutali.

Ndinali ndangoyamba kumene ntchito pa chipatala china chaching'ono kumapiri kuno ku Dedza, mwezi wa Juni, kuzizira kwake mukukudziwa kuja kolowa mpaka m'mafupa. Naiti ndili ndekha ku mateniti. Mayi wina wa mimba yachitatu wachira bwinobwino cha m'ma 11, mwana akuyamwa, ine nkumati lero ndipumako. Cha m'ma 2 ndamuyeza BP, 110/70, ndalemba mu fayilo, ndikubwerera ku mpando ndipo apongozi ake amene anali gadiyani anandikoka yunifomu. Akuti a sista, mwanayu akungoti ludzu ludzu, komanso akungoyasamula, manja azizira. Ndinatsala pang'ono kuwauza kuti agogo kagoneni, manja ozizirawo ndi mphepo ya ku Dedza basi. Koma ndinagwira pa mkono nkuwerenga pulse (kugunda kwa mtima pa mphindi) ndi wotchi, 112, chonsecho atangochira inali 84. Pa padi magazi sanali ambiri. Nditamutembenuza, mayo ine, chitenje chonse cha kumsana chanyowa, magazi akhala akuyenderera pansi. Chiberekero chofewa ngati phala. Ndinayamba kusisita pamimba pomwepo, oxytocin (mankhwala olimbitsa chiberekero), dilipu, katheta kuti chikhodzodzo chiphwe, agogo aja ndi amene anathamanga kukauza mlonda kuti akadzutse a kiliniko.

Chimene kusukulu anatiuza koma ine sindinachimve mpaka usiku umenewo ndi chakuti mayi wachitsikana wamphamvu thupi lake limaigwira BP ngakhale wataya magazi ambiri, mtima umayamba wathamanga, BP imadzagwa mochedwa zinthu zitathina kale. Buku limati kupitirira 500 ml ndiye PPH, kutaya magazi kwambiri mayi akachira, chabwino, koma ndani amayeza ma ml pa chitenje usiku ndi tochi ya foni?

Ndipo apa ndinene, ena akwiye akwiye. Makina a BP a mabatire awa atipangitsa ulesi. Munthu amangomanga pa mkono, maso ali pa WhatsApp, nambala yatuluka walemba, wodwala osamuyang'ana nkhope. Kapumidwe ndiye anthu amangolemba 20, 20, 20 wodi yonse ngati onse amapuma ndi mapapo amodzi! Mwana wa miyezi 6 akupuma ka 50 pa mphindi kapena kuposa ndiye kuti akupuma mothamanga, muzidziwa bwanji osawerenga? Nkhani ina ndi yothamangitsa magadiyani ngati nkhuku. Inde amadzadza wodi, mapoto, mabeseni, ena fodya wa mphuno, koma munthu amene wakhala naye wodwala zaka 20 akati wasintha, ine ndimaimirira.

Ndiye mupange bwanji

Musakanene kuti mtima wanga ukukana. Bwererani pa bedi, mugwireni, werengani pulse ndi kapumidwe mphindi yathunthu, yerekezani ndi za maola apitawo, vundukulani nsalu. Kenako kanene chonchi: bedi 4, pulse inali 84 pano 112, akumva ludzu, chonde bwerani mumuone. Lembani nthawi imene mwanena. Akakukalipirani pitani kwa a sista in charge. Ine a kiliniko aja anabwera akung'ung'udza, atavala jekete pamwamba pa zogonera, koma anabwera.