Kodi N'kulakwa Kuti Bambo Azisambitsa Mwana?

Funso: Ine ndi akazi anga tonse timagwira ntchito yolembedwa. Mwana wathu atabadwa, ndinayamba kumusambitsa ndi kumusintha matewera, koma abale anga akunena kuti ndasanduka kapolo wa mkazi. Kodi ndisiye?

Yankho: Bambo, musasiye. Kupatula kuyamwitsa, palibe ntchito yolera mwana imene chilengedwe chinapatulira akazi okha. Zinazo timaziphunzira tili aang'ono, pamene mtsikana amauzidwa kuti atonthoze khanda, mnyamata ali kosewera.

Lipoti la mu 2018 la ILO, bungwe loona za ntchito m'mayiko onse, linasonyeza kuti padziko lonse akazi ndiwo amagwira magawo oposa atatu mwa anayi a ntchito zosamalira banja zosalipidwa, ndipo n'chifukwa chake ambiri amachepetsa maola a kuntchito kapena kuisiyiratu. Taganizirani mayi amene wafika madzulo mapazi atatupa, khanda likulira, zovala zaunjikana, ndipo mawa akuyenera kulawirira. Zimandikhudza kwambiri kuti inu munaona zimenezi n'kuchitapo kanthu.

Abale anuwo musakangane nawo. Auzeni mwaulemu kuti mwanayo ndi wanunso, ndipo kuti mmene mumagawanirana ntchito zapakhomo munagwirizana awirinu.