Kodi nyumba zimatchipa nthawi yozizira ku Chigwa cha Shire?

Mayi wina amene amagwira ntchito mumzinda wa Blantyre, koma kwawo ndi ku Ngabu, anditumizira imelo. Akufuna kugula nyumba ku Nchalo kapena ku Ngabu komweko, ndipo abale awauza kuti adikire June kapena July, ati nthawi yozizira ogula amachepa ndiye mitengo imatsika. Akufunsa ngati n'zoona.

Mayi, ine ndikuti ayi. Chisanu cha ku Chikwawa ndi Nsanje si cha ku Dedza kapena ku Mzuzu choti munthu n'kulephera kutuluka m'nyumba. Kuchigwa miyezi imeneyi ndi imene anthu amapumako ku dzuwa, ndipo ndi imenenso ndalama imayenda. Alimi amakhala atagulitsa thonje ndi chitowe. Fakitale ya Illovo ku Nchalo imakhala ili mkati mogaya nzimbe, odula nzimbe ndi oyendetsa magalimoto adzaza, aliyense akusaka kachipinda ka lendi. Mwini nyumba amene zipinda zake zonse zili ndi alendi safulumira kugulitsa, ndipo akati agulitse mtengo sautsitsa. Misewu nayo imakhala youma, ngakhale ya ku East Bank, ndiye ogula a ku Blantyre amatsika phiri la Thabwa mosavuta ndipo madobadoba amadziwa zimenezo.

Mitengo imafewa mu January ndi February, chimanga chikatha m'nyumba, komanso sukulu zikatsala pang'ono kutsegulidwa mu September, makolo akusaka fizi. Ndinene pano kuti kugula kwa munthu wopanikizika ndi njala kumafuna chikumbumtima. Mupatseni mtengo woti mawa mudzatha kupatsana moni.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri si mtengo. Mu July nyumba iliyonse ya kuchigwa imaoneka bwino. Pabwalo pouma, penti watsopano, mkati mozizirira. Koma dera lino linamira mu January 2015, linamiranso ndi namondwe Idai mu March 2019, Ana mu January 2022 ndi Freddy mu March 2023. Shire, Ruo, Mwanza ndi timitsinje totsika m'mapiri a Thyolo tikasefukira, madzi amafika malo amene mu July simungawaganizire. Choncho musamangoona khoma la nyumba imene mukugulayo, poti analipaka kale. Zungulirani kuseri, onani chimbudzi, khitchini yapanja ndi makoma a nyumba zoyandikana. Mzere wa matope umatsala pamenepo. Funsani amayi pa mjigo kuti nthawi ya Freddy madzi analekeza pati, ndipo anthu a pamenepo anagona m'nyumba zawo kapena kukampu. Iwo sakugulitsani kanthu, akuuzani zoona. Onaninso kutalika kwa maziko, komanso ngati khoma ndi la njerwa zootcha zomangira simenti kapena la zidina zongokutidwa ndi pulasitala. Chidina chikamwa madzi masiku awiri chimagwa.

Chachiwiri chimene chisanu chimabisa ndi kutentha. Mu October ndi November ku Ngabu kumapitirira madigiri 40. Nyumba ya malata otsika, yopanda siling'i, ya mawindo aang'ono, mu July mugonamo bwinobwino, koma mu October mudzatulutsa mphasa panja. Yang'anani ngati mphepo imalowa mbali ina n'kutulukira ina, ngati pali khonde lalikulu, ndi mitengo ya mthunzi ngati nimu. Lawaninso madzi a pa mjigo wapafupi, chifukwa madera ena a Chikwawa madzi apansi ndi amchere, ndipo mchere womwewo umadya khoma m'munsi.

Ubwino wa nyengoyi ulipo. Amisiri amapezeka, mauvuni a njerwa akuyaka, simenti imauma bwino, ndiye mukagula mu June muli ndi miyezi yokwanira yokonza denga ndi kukweza khonde mvula isanabwere.

Pa za umwini musathamange. Malo ambiri kunoko ndi a makolo, oyang'aniridwa ndi mafumu, ndipo pepala losainirana awiri silikwanira. Kwa Asena malo amatsata kuchimuna, ndiye abale a bambo ndi ana ali ndi mawu. Kwa Amang'anja mwinimbumba akhalepo. Ngati mwini wake anamwalira, funani kukumana ndi mkazi wake ndi ana onse. A mfumu achitire umboni, ndipo mupite ku ofesi yoona za malo ku khonsolo ya boma kukafunsa ngati malowo alibe mlandu kapena sali pamalo amene anthu anauzidwa kuti asamukepo.

Mukanakhala mchemwali wanga ndikanati pitani mu July mukaone nyumba zitatu kapena zinayi, mubwerenso mu October masana kukalowa m'kati mwa imene yakusangalatsaniyo, ndipo ngati ili kufupi ndi mtsinje, ndalama musapereke mpaka mutaiona mvula ya February itagwa.