Kakamera ka m'thumba ndi mdima wa m'tchalitchi

Mayi wina wa ku Ntcheu wanditumizira imelo. Amajambula maukwati ndi kwaya ya pampingo pawo ndi kakamera kolowa m'thumba. Panja zithunzi zimatuluka bwinobwino, koma akangolowa m'tchalitchi nkhope zimada bii, ovina osazindikirika kuti uyu ndani. Wogulitsa wina wawauza kuti agule kamera ya megapikiseli 20 (timadontho 20 miliyoni topanga chithunzi), ndiye akufunsa ngati vuto lithere pamenepo.

Mayi, ndalamazo yambani mwasunga. Kamera yanu sikusowa megapikiseli, ikusowa kuwala.

M'kati mwa kamera muli kachipangizo kotchedwa sensa, kamene kamalandira kuwala. M'makamera ambiri otsika mtengo, sensayi ndi ya mamilimita 6 m'litali ndi 4 ndi theka m'lifupi, yochepa kuposa chikhadabo cha kachala kanu kakang'ono. Akathithikizapo timadontho 20 miliyoni, kadontho kalikonse kamangolawa kuwala. Kukakhala dzuwa palibe vuto. Mumdima zili ngati kutchera madzi a mvula yowaza ndi kapu, mnzanu atatchera beseni. N'chifukwa chake kamera ya Sony RX100, yomwe inatuluka mu 2012, inatchuka: sensa yake ndi ya mamilimita 13.2 ndi 8.8, kukula pafupifupi kanayi. Canon G7 X ya mu 2014 nayonso ndi yotero. Mukapeza imodzi mwa zimenezi, ngakhale yogwirapo kale ntchito, iposa yatsopano yomwe akukutsatsaniyo.

Yang'ananinso manambala olembedwa kukamwa kwa lenzi. Nambala ikachepa, ndiye kuti khomo lolowera kuwala ndi lalikulu. Lenzi ya f/1.8 imalowetsa kuwala pafupifupi kanayi kuposa ya f/3.5. Apa ndi pomwe ambiri timalakwitsa: pa makamera ang'onoang'ono ambiri, mukakoka zumu khomolo limachepa mpaka f/6 kapena kupitirira. Mumakhala kumbuyo, n'kukoka akwati ndi zumu, chithunzi n'kuda. Dzukani, pemphani malo kwa akuluampingo mwambo usanayambe, muyandikire ndi miyendo.

Fulashi ya kakamera koteroko imafika mamita atatu kapena anayi basi. Kuchokera kubenchi lakumbuyo imangowalitsa duku la mayi amene wakhala patsogolo panu, guwa n'kutsala mumdima. Izimitseni, mukweze ISO (nambala yosonyeza mmene sensa ikumvera kuwala) pa 800 kapena 1600. Chithunzi chidzakhala ndi timadontho ngati mchenga, inde, koma ine ndimalola mchengawo kusiyana ndi nkhope yopakika. Kwaya ikamavina mufunika liwiro lojambulira la 1/125 ya sekondi kapena lofulumira kuposa apo. Musadalire chija amati chimaletsa kugwedezeka: chimathandiza manja anu akamanjenjemera, koma munthu wovina sichingamuimitse.

Pa mazenera chenjerani. Mkwatibwi akaima zenera lili kumsana kwake, kamera imatengeka ndi kuwala kwa panja, iye n'kusanduka chithunzithunzi. Zungulirani kuti zeneralo likhale kumbuyo kwa inu. Zikakanika, pezani batani la +/- muike pa +1 kuti chithunzi chiwale.

Zimenezi ine ndinaziphunzirira kuno kwathu ku Dedza, kumapanga a Chongoni okhala ndi zojambula zamakedzana pamiyala, omwe bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 2006. Ndinapitako mu Julaye, chifunga chitakuta phiri, zala zitauma ndi chisanu. Pansi pa thanthwe kunali mdima. Nditawombera fulashi, zojambula zofiira zija za Akafula zinafufutika, mwala wonse n'kungoti mbuu. Zinandipweteka mtima, poti ndinali nditayenda mtunda. Kenako ndinapinda juzi, n'kuliika pamwala, kamera pamwamba pake. Ndinazimitsa fulashi, ISO n'kutsitsa pa 100, n'kutchera kuti ijambule yokha pakatha masekondi awiri, manja anga atachokapo. Mizere yofiira inaoneka yonse, ndi zoyera za Achewa pambali pake, mpaka timing'alu ta mwalawo.

Njira imeneyi imagwira pa chilichonse chosayenda: keke, maluwa a paguwa, ngakhale akwati atakhala chete posayina. Loweruka lisanafike, pitani kutchalitchiko pa ola lomwe ukwati udzachitike, mutenge mwana mmodzi aime paguwa, muyese zonsezi ndi kamera yomwe muli nayoyo. Zithunzizo munditumizire, tidzaonere limodzi ngati pakufunikadi ina.