Mayi amene b ndi d zikuwasokonezabe

Mwandilembera kuti mumaphunzitsa alangizi a sukulu za kwacha, ndipo mlangizi wina akudandaula za mayi amene atha zaka 2 m'kalasi koma b ndi d zikuwasokonezabe. Iye akuti mayiwo ndi ouma mutu. Mawu amenewa andipweteka kwambiri, chifukwa ndi omwewo anawathamangitsa ku pulayimale ali ana, ndipo lero akuwamvanso kwa munthu amene amayenera kuwathandiza.

Alangizi anu ayambe ndi maso ndi makutu. Munthu akapitirira zaka 40, zilembo za pafupi zimayamba kuoneka zachimbuuzi, ndipo ambiri sanena, amangotalikitsa buku. Mayi wotero akufunika magalasi owerengera, osati kumukalipira. Wina amamva pang'ono, ndiye kusiyana kwa "pala" ndi "phala", kapena "kala" ndi "khala", sikumufika akakhala kumbuyo. Akhale kutsogolo, aziona pakamwa pa mlangizi.

Maso ndi makutu zikakhala bwino koma vuto lilipobe, likhoza kukhala dyslexia, vuto limene limachititsa munthu kuvutika kuwerenga ndi kulemba ngakhale ali wanzeru. Chichewa chimalembedwa pafupifupi momwe chimatchulidwira, choncho munthu wa vutoli nthawi zambiri amawerenga molondola koma mochedwa kwambiri, n'kufika kumapeto kwa chiganizo ataiwala poyambira. Alangizi ambiri sazindikira izi, amangoti ndi ulesi. Ine ndikuti mlangizi amene amaimiritsa munthu wamkulu kuti awerenge pagulu pamene akudziwa kuti akuvutika, ameneyo ndi amene amabalalitsa kalasi. Mayi wa zidzukulu akasekedwa ndi anzake a m'mudzi momwemo, mawa sabweranso, ndipo uthengawo umafika mpaka ku chigayo.

Zoti mlangizi achite n'zochepa. Asaphunzitse b ndi d m'sabata imodzi yomweyo. Pakati pake padutse masabata 2 kapena 3. Chilembo mayiwo achilembe pamchenga ndi chala uku akuchitchula, kenako achiumbe ndi dongo. Mlangizi adule makatoni n'kulembapo maphatikizo akuluakulu, ba be bi bo bu, mayiwo aziwalumikiza okha kupanga mawu. Maphatikizo monga nkh, tch ndi ng' abwere pambuyo, limodzi pa tsiku, ndi mawu ngati ng'ombe ndi ngoma moyandikana. Mphindi 15 tsiku lililonse, anzawo asanafike, zimaposa ola lathunthu kamodzi pa sabata.